Unzika wa mayiko awiri tinaulirira, koma tisawanamize ana kuti ndi waulere



Lero ndati ndisiye kaye za zipani ndi za mafuta. Pali nkhani ina imene ambiri tikuiona ngati ya eni dziko pamene inalowa kale m'makomo mwathu, ndipo ikudya ntchito za ana athu mwakachetechete.

Usiku wina mwana wa mlongo wanga anandiimbira foni kuchokera ku Virginia. Mnyamatayu anabwera kuno ku America ali ndi zaka 9, sukulu yake yonse ndi ya konkuno, ndi nzika, ndipo Chichewa chake ndi chija chongokwanira kupatsira moni ndi kupempha nsima. Anali atapeza ntchito ya makompyuta pa kampani ina imene imagwira maganyu a asilikali. Funso lake linali lakuti, "Amalume, kodi abale anga alipo angati?" Ine ndinaseka, nkumuuza kuti akagule kope la masamba 96 tiyambe kulemba. Iye sanaseke. Anati ntchitoyo sangayambe popanda security clearance, chilolezo chija chimene boma limapereka kuti munthu aziona zinsinsi zake, ndipo fomu yake ikufuna mayina.

Fomuyo amaitcha SF-86. Ukaisindikiza imapitirira masamba 100. Ndinakhala naye pansi Loweruka lonse, ndipo ndikuuzeni, amene anailemba sanagonepo m'mudzi wa Achewa. Gawo 18 limafunsa za abale, ndipo abale ake ndi awa: mayi, bambo, mayi kapena bambo okupeza, wokulera, ana, achimwene ndi achemwali kuphatikizapo a mimba ina, ndi apongozi. Basi. Malume mulibemo. Tangoganizani, munthu amene kwathu ndiye mwini mbumba, amene ukwati sumangidwa iye asanavomere, pa fomu ya Amereka alibe mzere. Amayi aang'ono mulibemo, azakhali mulibemo, agogo amene anakulera mayi ako ali ku ntchito mulibemonso. Musaganize kuti apulumuka. Onsewa amakagwera ku Gawo 19, limene limafunsa anthu a dziko lina amene wakhala ukulumikizana nawo pa zaka 7 zapitazi, amene mumamangidwa nawo ndi chikondi, chikoka, zofuna zofanana kapena udindo. Nanga ife a Malawi, ndani amene sitimangidwa naye ndi udindo? Wa pa WhatsApp ya banja aliyense ali ndi ngongole ya maliro ndi mnzake.

Pa munthu aliyense amafuna dzina lonse, tsiku ndi malo obadwira, kumene akukhala, kumene amagwira ntchito, mumalankhulana kangati ndipo pa njira yanji, komanso ngati ali ndi mgwirizano ndi boma, asilikali kapena azachitetezo a dziko lake. Agogo ake a mnyamatayu amangodziwa kuti pa njala ya 1949 anali atayamba kale kutunga madzi. Adiresi yawo ndi dzina la mfumu ndi la sukulu ya pafupi. Mchimwene wake wa mayi ena ndi msilikali wa Malawi Defence Force, ndipo anaonana naye kawiri kokha moyo wake wonse. Gawo 20 ndiye linatimaliza: kodi unathandizapo munthu wa dziko lina ndi ndalama? Kodi uli ndi malo, nyumba kapena akaunti ya banki kunja? Kodi unavotapo pa chisankho cha dziko lina? Mwana amene amatumiza ya feteleza chaka chilichonse ndi ya fizi temu iliyonse, kwathu timati analeredwa bwino. Pa fomu ija chimenecho ndi chinthu choti afotokoze.

Tinalemba zonse, sitinabise kanthu. Pa funso la malo analemba kuti alibe, chifukwa ndi zimene ankadziwa. Patatha miyezi, atakumana kale ndi wofufuza, bambo ake kumudzi anamuuza pa foni mosangalala kuti puloti ija ya m'tauni anailembetsa kalekale m'dzina lake, kuti abale asadzalande iwo akadzatsikira kuli chete. Anachita zimenezi chifukwa cha chikondi, sindikukana. Koma mnyamatayo anali atasaina kale pansi pa mawu akuti zonse walembazo ndi zoona. Anathamanga kukaziulula yekha kwa mkulu woona za chitetezo ku kampani kwawo, mafunso anayambiranso, ndipo anakhala miyezi yambiri akugwira tintchito ta pambali pamene anzake amene analowa nawo limodzi anali atakwezedwa kale. Chilolezocho anachipeza, koma tsitsi lina linathothokera pomwepo.

Tsopano ndifotokoze mmene zimayendera, chifukwa mabodza achuluka m'maphwando athu. Wina amati ukangokhala ndi pasipoti ya Malawi ndiye kuti zako zada. Wina amati palibe vuto, Amereka amalola unzika uwiri. Onse awiri akunama pang'ono.

Lamulo limene Pulezidenti Bill Clinton anasaina mu 1995, Executive Order 12968, limati chilolezochi ndi cha nzika za America, ndipo pakakhala chikayiko chilichonse, chikayikocho chimakomera chitetezo cha dziko osati wopemphayo. Poweruza amatsata mitu 13, kuyambira A mpaka M: ngongole, mowa, chamba, milandu ndi zina. Ife imatikhudza iwiri. Guideline B ndi ya chikoka cha kunja, ndiye kuti abale, abwenzi ndi katundu amene munthu wina angagwiritse ntchito kukupanikiza. Guideline C ndi ya kukondera dziko lina, ndiye kuti unzika, pasipoti, kuvota, kulowa usilikali kapena kukhala pa udindo kwina.

Pa Guideline C zinthu zinasintha, ndipo ambiri akadali ndi nkhani yakale. Mu August 2000 mkulu wina wa ku Pentagon, Arthur Money, analemba kalata yolamula kuti amene ali ndi pasipoti ya dziko lina asapatsidwe chilolezo pokhapokha ataipereka kapena atapeza chilolezo chapadera cha boma. Zaka zotsatira anthu ambiri anapereka kapena kuononga mapasipoti awo pamaso pa mabwana a chitetezo. Koma malamulo amene James Clapper anasaina mu December 2016, otchedwa SEAD 4, amene anayamba kugwira ntchito pa 8 June 2017, akunena mosabisa kuti kungokhala nzika ya dziko lina pakokha sikumlepheretsa munthu, pokhapokha pataoneka kuti pali kukokana kwa zofuna za mayiko awiriwo kapena kuti munthuyo amafuna kubisa. Chimene amafuna ndi chakuti pasipotiyo uiulule, ndipo polowa ndi potuluka mu America ugwiritse ntchito ya America. Onani mmene zinakhalira: Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe inavomereza unzika uwiri mu December 2018, chaka ndi theka Amereka atafewetsa lawo. Tinachita mwayi osadziwa. Lamulo lathu lakale la 1966 likanasinthidwa mu 2005, ana ambiri akanatenga pasipoti ya kumudzi lero, mawa nkukaidula ndi sizasi.

Koma Guideline B ndiye mwala weniweni, ndipo ilibe sizasi. Pasipoti ungathe kubweza. Mayi ako ungawabweze kwa ndani? Chibale ndi fupa, sichiola. Oweruza amayang'ana kuti abalewo ali dziko liti, dzikolo limazonda America kapena ayi, limazunza anthu ake kapena ayi, kuli zigawenga kapena ayi, ndipo m'baleyo amagwira ntchito yanji. Wa makolo ku Iran, China kapena Russia ali ndi phiri lalikulu kuposa wa makolo ku Ntchisi, izi nzoona ndipo tithokoze kusatchuka kwathu. Kenako amayesa mizu yako kuno: wakhala zaka zingati, mkazi ndi ana ndi nzika kapena ayi, nyumba ndi penshoni zili kuti, kodi katundu wa kumudzi ndi wamkulu moti ungagulitse chinsinsi kuti umupulumutse. Amene amagwira ntchito m'makampani a maganyu a asilikali akakayikiridwa amalandira kalata ya zifukwa, amapatsidwa masiku 20 kuti ayankhe, ndipo angathe kukaonekera pamaso pa woweruza wa ofesi yotchedwa DOHA. Zigamulo zawo amaziika pa intaneti atachotsa mayina. Ndawerengapo zingapo, ndipo chondiwawa ndi chakuti mfundo imodzi imene malamulo amaitchula ngati yochepetsa nkhawa ndi yakuti munthuyo amalankhula ndi abale akewo mwa apo ndi apo. Ndiye kuti mwana woiwala kwawo amaoneka woyera kuposa woimbira mayi ake Lamulungu lililonse. Kwathu woyambayo timamutcha mtchona.

Ndipo ukakanidwa, khoti silikuthandiza. Mu 1988 Khoti Lalikulu linagamula mlandu wa Thomas Egan, wantchito wamba pa malo okonzera sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi m'boma la Washington, ndipo linati palibe munthu ali ndi ufulu wolandira chilolezochi, ndi nkhani ya Pulezidenti ndi nthambi zake. Kuyambira pamenepo makhoti amakana kulowerera pa funso lakuti chigamulo chinali cholondola kapena ayi. Pali lamulo lina la 1960, la nthawi ya Eisenhower, limene limati kukanidwa sikutanthauza kuti munthuyo ndi wosakhulupirika ku dziko. Mawu okoma ndithu, koma lendi salipira ndi mawu.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kulemba kuti ndi tsankho basi. Pali pamene ndikugwirizana nanu. Robert Hanssen wa FBI, amene anagwidwa mu 2001 atagulitsa zinsinsi ku Moscow kwa zaka zambiri, anabadwira ku Chicago, bambo ake wapolisi, ndipo analibe agogo ku Russia. John Walker wa asilikali a pamadzi, amene anagwidwa mu 1985, anali mbadwa, ndipo chinamukopa ndi ndalama. Edward Snowden wa 2013 anabadwira ku North Carolina. Pamene Wen Ho Lee, wasayansi wa ku Los Alamos wobadwira ku Taiwan, anamangidwa mu December 1999, anakhala miyezi 9 m'chitokosi cha yekha, pa milandu 59 nkutsala umodzi wokha, mpaka woweruza James Parker anamupepesa m'khoti. Ku State Department akazembe ena, makamaka a makolo a ku Asia, ankaletsedwa kugwira ntchito m'dziko la makolo awo, mpaka Antony Blinken analengeza mu March 2023 kuti asiya kupereka ziletso zatsopano za mtundu umenewo. Zonsezi nzoona.

Komabe ine sindinganene kuti mantha awowo ndi opanda mutu, ndipo m'Malawi wa msinkhu wanga sayenera kunena choncho. Ife tikudziwa bwino mmene boma limamugwirira munthu amene ali kutali. Pambuyo pa chisokonezo cha nduna cha 1964, amene anathawira ku Tanzania ndi ku Zambia sanavutike okha. Abale awo otsala ankachotsedwa ntchito, ena kutsekeredwa, ndipo kalata ya kunja inkafika itatsegulidwa kale. Attati Mpakati bomba la m'kalata linamupeza ku Maputo mu 1979, ndipo mu 1983 anaphedwa ku Harare. Orton ndi Vera Chirwa anagwidwa mu 1981. Mkwapatira Mhango anamuotchera m'nyumba ku Lusaka mu 1989 pamodzi ndi a pabanja pake. Anthu ambiri ophunzira kunja nthawi imeneyo ankatseka pakamwa osati chifukwa choopa za iwo eni, koma poganizira mayi ali kumudzi. Tsono Mmereka akafunsa kuti, atati wina wagwira mayi ako pakhosi, iwe ungasunge chinsinsi chathu, funsolo si lachilendo kwa ife. Tinaliyankhapo kale, ndipo ambiri tinasankha mayi.

Komanso tisadziyeretse ngati ife sitifunsa funso lomwelo. Malamulo oyendetsera dziko lathu, pa ndime 51 ndi 80, amaletsa munthu amene ali ndi lumbiro la kukhulupirika ku dziko lina kuimira uphungu kapena upulezidenti. Mwaiwala phokoso la green card ya a Peter Mutharika, mpaka anakaibweza mu 2014 chisankho chisanachitike? Green card si unzika nkomwe, koma tinakangana miyezi. Ku Zambia mu 1996 anasintha malamulo kuti wofuna upulezidenti akhale woti makolo ake onse ndi a ku Zambia, aliyense akudziwa kuti akusaka Kenneth Kaunda amene makolo ake anachokera ku Nyasaland, ndipo mu 1999 khoti la ku Ndola linafika ponena kuti munthu amene analamulira dzikolo zaka 27 si nzika. Ku Zimbabwe lamulo la 2001 linakakamiza anthu kukana unzika wa mayiko a makolo awo, ndipo zidzukulu za a Malawi a m'mafamu ndi m'migodi, zosadziwa nkomwe njira ya ku Mwanza, zinapezeka zalembedwa kuti ndi alendo, kuvota osavota, mpaka malamulo atsopano a 2013 anayamba kukonza. Kuyerekeza ndi zimenezo, fomu ya SF-86 ili ndi ulemu: imakufunsa, imakupatsa mpata woyankha, ndipo unzika wako siikhudza.

Anzathu a ku Britain musaganize kuti izi nza ife tokha. Kumeneko chilolezo cha SC nthawi zambiri chimafuna kuti ukhale utakhala m'dzikomo zaka 5, cha DV zaka 10, ndipo pali ntchito zina zimene salola wa unzika uwiri. Anyamata athu amene analowa usilikali wa Britain kudzera ku Commonwealth angakuuzeni kuti si khomo lililonse limene limawatsegukira.

Ndiye maganizo anga ndi awa, ndipo amene akufuna kunditukwana ayambepo. Unzika uwiri tinaumenyera nkhondo ndipo sindikubwerera m'mbuyo. Amene tinakulira kumudzi, tikufuna kukaikidwa kumudzi, pasipoti imeneyo ndi yathu, kwanu nkwanu mthengo mudalaka njoka. Koma makolo ena tayamba kutengera ana athu akuluakulu mapepala a Malawi ngati mphatso ya Khirisimasi, osawafunsa kuti akufuna kudzagwira ntchito yanji. Mwana wofuna kudzakhala namwino kapena mphunzitsi alibe nkhawa. Koma wa uinjiniya wa ndege, wa makompyuta, wa usilikali, wa ukazembe, ameneyo aganize yekha. Kubadwa uli nzika chifukwa cha makolo ndi nkhani ina, oweruza amaimvetsa. Kukapempha wekha unzika ndi pasipoti ya dziko lina uli wamkulu, utalumbira kale kuno, ndi chochita chako, ndipo adzakufunsa chifukwa chake. Amene ali nacho kale chilolezo, malamulo ena a 2017 otchedwa SEAD 3 amafuna kuti aulule akapempha unzika kapena pasipoti ya kwina, komanso kuti azinena asananyamuke ulendo wa kunja. Ngakhale wa maliro, bola unene pakamwa kwa bwana usanakwere ndege. Akale anati mapanga awiri avumbwitsa. Ine sindikuti tigwetse phanga limodzi, ndikuti mwana adziwe kuti pakati pa mapangawo pali mtunda woyenda pa mvula.

Inu a kumudzi, ndikupempheni ndi ulemu wonse. Lekani kulemba mayina athu ndi a ana athu pa zinthu osatiuza. Puloti, kampani ya minibasi, akaunti ya ku banki, komiti ya chipani ya kunja, zonsezi kwa inu ndi ulemu, kwa mwana ali kunoyu ndi msampha. Ndipo akakufunsani tsiku lanu lobadwa ndi dzina la abwana anu, si kuti akufuna kukulodzani kapena kukuperekani kwa azungu, akudzaza fomu. Koma nanunso muli ndi ufulu wodandaula, chifukwa simunasaine kanthu koma dzina lanu lili m'kompyuta ya boma la eni. Mu 2015 kunadziwika kuti akuba a pa intaneti analowa m'makompyuta a ofesi ya OPM nkutenga mbiri za anthu 21.5 miliyoni, mafomu a SF-86 ali momwemo, ndipo akuluakulu a America analoza chala ku China. Ndiye kuti mndandanda umene unalembedwa poopa kuti adani angadziwe pogwira, unakafika m'manja mwa omwe ankaopedwawo, mayina a azimayi ndi apongozi ali momwemo.

Ndipo inu alangizi a pa braai amene mumauza ana kuti ingolembani awiri atatu, enawo adziwa bwanji, siyani. Kunama pa fomu imeneyi ndi mlandu wa zaka zofika 5 m'ndende. Ngakhale asakumange, bodzalo limalowa pa mutu wina, Guideline E, wa khalidwe la munthu, ndipo ndi lovuta kulitsuka kuposa mchimwene wa usilikali. Woweruza angamvetse kuti uli ndi abale 30 ku Dedza. Sangamvetse kuti unawaiwala onse tsiku limodzi pamene Mukuru ikuonetsa kuti mwezi uliwonse umawakumbukira.

Puloti ija pomaliza inalembedwa m'dzina la mchemwali wake amene ali ku Lilongwe. Bambo ake mpaka lero akuti mwana anakana cholowa cha atate wake chifukwa cha azungu, ndipo ine ndi amene ndinamuphunzitsa. Ndayesa kuwafotokozera alamu angawo kawiri konse, mayunitsi kutha nkhani isanafike pakati. Pasipoti ya Malawi mnyamatayo sanatenge, akuti adzaiona akadzapuma ntchito. December uno akupita kukaona agogo ake pa pasipoti ya America, ndipo fomu ya ulendo wapereka kale ku ntchito, yolembapo masiku, ndege, ndi dzina la aliyense amene akagone kwawo. Pa adiresi ya agogo walembanso dzina la mfumu ndi la sukulu ija.